Dzino Langa ndi Nzimbe ya Kuseri kwa Khola

Dzino langa lakutsogolo, lakumtundali, lilipo mpaka lero, ngakhale kuti mmene linapulumukira apongozi anga aakazi anakalamba akusekabe.

Nthawi imeneyo ndinkathirira nzimbe ku esiteti, zaka zija munthu sunkakwera basi wopanda khadi la chipani. Dzinolo litayamba kuwawa, anzanga onse ankangoti ndikazulitse monga anachitira iwo. Ndinakana. Lamulungu ndine ndinkawerenga mawu kutchalitchi (sukulu ndinalekeza panjira, zambiri ndinadziphunzitsa pa nyuzipepala zokulungira nsomba), ndiye sindinafune kumaimba likhweru pa guwa chifukwa cha gweru.

Kuchipatala cha pa boma anandiuza kuti ku Blantyre kuli njira ina. Amaboola dzino, kuchotsa kamtsempha kowola mpaka ku muzu, n'kumata. Ndinavomera.

Apa ndi pomwe kuwerenga kunandipweteka. Ndinali ndi kabuku ka zaumoyo kopanda chikuto, konena kuti munthu wopita ku opaleshoni asadye kanthu, ndipo akabwerako agone, azimwa phala lokha. Ndinaganiza ndekha kuti kuboola munthu mpaka ku muzu ndi opaleshoni basi. Ndinamuwerengera mkazi wanga mokweza. Iye anatumiza mawu kwa amayi ake, ndipo apongoziwo ananyamuka ku Tengani ndi thumba la mapira. Akumpingo anabwera kudzapemphera. Mbuzi zanga ndinagawiratu, kuchitira mwina, yaikazi yonenepa n'kugwera apongozi.

Ndinakwera chitunda cha ku Blantyre m'mimba muli pululu. Adokotala a mano, mayi wofatsa, anandibaya jakisoni, kuboola, kulowetsa tisingano tawo, kumata. Ine osagwedezeka ngakhale chala. Anandiyamikira pamaso pa anamwino, ndipo zimenezi ndimazinena paliponse. Kukomoka ndinakakomokera pakhonde, ndi njala (izi ndimanena mwa apo ndi apo).

"Chomatachi n'chongoyembekezera," anatero adokotala nditamaliza kumwa tiyi wawo. "Mudzabwerenso tidzatseke zenizeni. Idyani zofewa zilizonse, mawa pitani kuntchito. Zolimba ayi."

Kunyumba ndinapeza mphasa yoyalayala, anthu ali pakhonde ndi nkhope zachisoni. Tandiuzani, munthu wogawa mbuzi anganene bwanji kuti mawa akupita kuntchito? Ndinagona, n'kumabuula pang'onopang'ono.

Odzazonda anayamba kufika, wina ndi nkhuku, wina ndi mlamba wowamba. Zonsezo ankadya ndi ozondawo, fungo lokha likundipeza pamphasa. Ine phala la mapira m'mawa, masana, madzulo.

"Mayi a Zuze, kamwendo ka nkhuku kokha," ndinanong'ona.

"Buku lanu lija likukana, bambo a Zuze," anayankha mkazi wanga. "Munawerenga nokha, ine ndinkangomvera."

Tsiku lina masana, kutentha kwa Chikwawa kutagoneka aliyense, ndinazembera kuseri kwa khola komwe kunali phata la nzimbe. Ndinathyola imodzi. Ndinadziuza kuti ndisenda ndi mano a m'mbali, koma pakamwa pa munthu wa ku esiteti pali ndi chizolowezi chakepake. Ndinangomva kuti khe, kenako lilime linapeza dzenje pomwe panali chomata.

Nditadzutsa maso, apongozi ali chiimire, mtolo wa masamba a mbuzi uli pamutu. Kwathu mkamwini sadya apongozi akuona. Ine ndinali nditanyonyomala, nzimbe ili kukamwa, madzi ake akuyenderera mpaka m'chigongono. Iwo anatembenuka mwaulemu wonse n'kuyamba kulankhula ndi mbuzi yaikazi ija.

"Odwala athu achira," anaiuza. "Iwe tsala konkuno, ku Tengani supitanso."

M'mawa mwake ndinakweranso basi, mtima uli m'mwamba kuti mwina dzino lang'ambika ndipo alizula.

"Mwakhala mukudya chiyani, bambo?" anafunsa adokotala.

"Phala."

Anatenga kachitsulo kawo, kutulutsa kaulusi ka nzimbe m'dzenjemo, n'kundionetsa. Mwamwayi dzino linali lisanasweke. Anatsukanso muzuwo, ndipo ulendo wotsatira anatseka zenizeni.

Linada pang'ono, koma laima nji. Nzimbe sindinasiye, kunama ayi. Ndimaisenda ndi mpeni, n'kuidula tizidutswa ngati ndikupatsa mwana. Anzanga aja amandiseka nazo kwambiri, koma iwo amaseka atatseka pakamwa ndi dzanja. Ine ndimaseka nawo pakamwa pali yasa.