Riviyu wa Ocheka Labala

Lolemba
Bwana manijala alengeza pamzere: Lachisanu kuli riviyu wa ife tonse ocheka labala. Riviyu! Anzanga kukamwa yasa. Ine ndikugwedeza mutu ngati ndinabadwira ku Mangalande. Liwulo sindikulidziwa. Koma kapitawo wathu wakalamba, mpando ukufuna munthu. Ndiye riviyu angakhalenso chiyani? Nanga angasankhe ndani? Ine mgwazo ndimamaliza dzuwa lisanasukusule, masana ndili pa bawo.

Lachiwiri
Ndafunsa anthu atatu pamsika wa pa Mpamba, ngati ndikungowayesa nzeru.
Aphunzitsi: "Ada, ndi kuyang'ananso chinthu chimene munachiyang'ana kale."
Mkulu wa mpingo: "Ndi zija timachita kuseshoni munthu akagwa."
Telala: "Ameneyo ndi katemera."
Mutu wazungulira. Kundiyang'ananso? Poyambapo anandiyang'ana liti?

Lachitatu
Zokonzekera:
mpeni ndanola, ukumeta ndi ndevu zomwe
tikapu ta utomoni ndatsuka
jekete la alamu
khadi la chipani m'thumba, mwina riviyu ndi wa makhadi
mkono ndasamba, mwina telala akunena zoona
Kalaliki wadutsa ndi buku. Ndamuuza kuti mitengo yangayi ndi masewera, ndimacheka ndi dzanja limodzi, linalo ndikudya chinangwa. Walemba! Za anzanga sakulemba.

Lachinayi
Liwu ndayamba kuligwiritsa ntchito. Ndauza mayi a kunyumba kuti usipa wawo ukufunika riviyu. Atenga mbale, aiyang'anitsitsa, aipereka kwa ana.
"Ndayang'ananso. Inu mwakhuta."
Liwuli n'loopsa.

Lachisanu
Jekete, dzuwa, thukuta mpaka m'mawondo. Mayeso palibe, jekeseni palibe. Bwana sakuyang'ana anthu, akuwerenga mitengo! Mzere ndi mzere, kalaliki pambuyo. Afika pa ine.
"Ndiwe uja wa dzanja limodzi?"
Ndati ndine, bwana, tsiku labwino ndi chala chokha. Amwetulira. Basi, mpando ndi wanga!

Loweruka
Zatuluka. Kapitawo ndi yemwe uja, riviyu wapeza kuti mphamvu akadali nazo. A Nyirenda, amene amalira msana chaka chonse, awachotsera mizere itatu. Mizereyo apatsa ine. Ya kuchitunda, kokhala linthumbu! Bawo watha. A Nyirenda andigwira dzanja ndi manja awiri pondithokoza: "Yewo, ada, yewo ukongwa."
Ndafunsa kalaliki ngati riviyu naye amamuchita riviyu. Akuti chaka chamawa.
Sindikumvetsa. Ndapambana kapena ndagwa?

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi akundiitana "a kapitawo", akuseka. Ndawauza kuti munthu ngati ine bwana sangamuchotse pamtengo, esiteti ingatseke. Gogo mmodzi wakhulupirira.
Masana onse ndagona, kusunga miyendo. Mawa kuchitunda.
Liwulo tsopano ndalidziwa mpaka m'mafupa. Koma bwana akadzabwera ndi lina, ine Chingerezi sindimva.