Mmene Ndinakalambira Pofuna Kubwerera ku Utsikana

Inu amene mumati Mayi Mataka amakokomeza nkhani, khalani pansi mumve mpaka ndimalize, mukatero mukafunse aliyense amene tinkapemphera naye m'holo ija ya ku Barking zaka za m'ma 80 ngati pali pamene ndathira mchere.

Poyamba ndinene kuti ine si munthu wamba. Sekondale ndinamaliza nthawi imene atsikana ofika Fomu 4 m'boma lathu lonse akanakwana m'galimoto imodzi, Chingelezi changa ndi cha m'mabuku osati chotolera m'basi, ndipo ku ofesi kumene ndinkatayipa makalata kunalibe mzungu wondiposa liwiro. Za maonekedwe musachite kufunsa. Ndinali ndi zaka 51, anthu ndinkawauza 44, ndipo palibe amene ankatsokomola. Pa ukwati uliwonse wa Amalawi kuno ku London, wotsogolera amayi povina polowetsa mkwatibwi ndinali ine. Malo amenewo sankavoteredwa.

Ndiye panali Mayi Sambani. Tinaphunzira pa mishoni imodzi kwathu, iwo akumaliza ine ndikungoyamba kumene, zaka khumi zathunthu pakati pathu, ndipo amuna athu anathawa ndale nthawi imodzi n'kudzatigwetsera kuno. Munthu wabwino ndithu, wa nkhope yoti ukaiona umaimirira n'kumupatsa mpando. Koma nyengo ina yachisanu tinangoona mayi uja wasintha. Masaya adzaza, kuseka kwake kotsegula pakamwa ponse, mpango wa kumutu wayamba kupendekeka ngati wa namwali. Lamlungu lina tikumwa tiyi titaweruka, mayi wina wa ku Lusaka anatiyang'ana tonse awiri n'kunena kuti, "Iye, ba Sambani, manje muoneka monga mung'ono wao wa ba Mataka!" Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, koma tiyi uja anandiwawa ngati kwinini.

Ndinali nditamva kuti amapitapita ku chipatala, ndiye ndinawafunsa za zimenezo mwaulemu, ngati zosandikhudza. Iwo osabisa. Akuti Lachiwiri lililonse ankapita ku chipatala china chachikulu cha m'tauni kukabayidwa jekeseni wa kafukufuku. Madokotala ankayesa timankhwala totchedwa mapeputayidi, tizidutswa tating'onoting'ono ta mapuloteni, totengera ku kachiwalo ka pachifuwa pa thole. Akuti kachiwaloko ifenso tili nako, ndi kamene kamaphunzitsa magazi kulimbana ndi matenda, koma munthu akamakula kamafota, ndiye ankafuna aone ngati timankhwalato tingadzutse chitetezo cha m'thupi mwa okalamba. Anafotokoza bwinobwino mayi wa anthu. Koma ine ndinangomvapo chimodzi: kuli jekeseni wobweza utsikana, ndipo akubayidwa ndi Sambani, ine ayi. Inuyo mukanangokhala?

Ndinapempha nthawi ku ntchito, ndinasankha Lachinayi kuti tisakumane, ndinakwera sitima ya pansi pa nthaka ya District nditavala suti yanga yobiriwira. Pakhomo ndinapeza nesi wa ku Chipata, Sisitala Tembo, mkazi wansangala wa pakamwa posatseka. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Pepani amai, apa titenga chabe ba zaka 60 kupita pamwamba."

"Ndili ndi 63."

Zinangotuluka zokha, abale. Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinangoti 60. Sambani anali ndi 61, ndipo ine sindinakhalepo pansi pa Sambani pa chinthu chilichonse.

Dokotala wake anali kamzungu kowonda ka magalasi. Anati khadi langa la chipatala likunena zina. Ndinamuyankha m'Chingelezi chosalala kuti kwathu mwana akabadwa sitinkalemba, chaka chili pamenepocho anachita kundiyerekezera mkulu wa pa bwalo la ndege tsiku limene tinafika, atangoyang'ana nkhopeyi. Anagwedeza mutu, akuti wakumana nawo ambiri otero. Kenako anafotokoza zambirimbiri za mmene kafukufukuyo amayendera, ine ndikungoti "yes, doctor", maso ali pa galasi la windo kudziona ngati ndayamba kale kusintha.

Eee, masabata oyambawo ndinadyerera! Dokotala ankaitana ophunzira ake kuti adzandione. "Taonani khungu ili, mayi wa zaka 63!" Ine n'kumwetulira modzichepetsa. Ankandifunsa chinsinsi, ine ndinkati nkhwani ndi mapemphero. Ndinayamba kuwonjezera ndi nkhani za dzombe limene linadya chimanga ndili namwali, nkhani zimene ndinazimva kwa mayi anga. Ndipo mankhwalawo ndinkawamva akuyenda m'thupi, ndikulumbira. Masitepe a pa siteshoni ndinkakwera mothamanga. Kunyumba ndinaimirira kutsogolo kwa wailesi ya kanema n'kufunsa amuna anga kuti, "Bambo a Grace, simukuona kanthu?" Iwo anati, "Ndikuona kuti mwanditchingira mpira."

Tsoka linabwera Lachinayi lina. Ndangokhala pa benchi, dzanja la bulauzi ndapinda kale, chitseko n'kutseguka. Sambani! Akuti anawasinthira tsiku. Ndisanapeze pobisala, Sisitala Tembo anali atayamba kale.

"Amai Sambani, muwadziwa amai aba? Ni ba kwanu! Zaka 63, koma onani mwamene baonekera!"

Sambani anaima. Anandiyang'ana. Munthu ameneyu anandiona ndikulira tsiku langa loyamba la sukulu, mamina ali mbwee, anandipukuta ndi nsalu yake. Mawu amodzi okha akanandithamangitsitsa pamenepo, ndipo mumtima ndinati bola anene, zithe. Koma ayi. Anaika chikwama pansi, anapinda mawondo pa simenti ya azungu ija, anagwira dzanja langa ndi manja awiri.

"Ndisawadziwe bwanji, Sisitala? Awa ndi akuluakulu athu. Kusukulu tinkawatungira madzi. Mwadzuka bwanji, amayi? Nanga miyendo ija?"

Ndikanatani? Kukana, ndiye kuti jekeseni watha. Ndinati, "Miyendo ikuyesera, mwanawe."

Pofika Lamlungu nkhani inali itafika ku Romford, itawoloka mtsinje mpaka ku Greenwich, itabwerera. Ndikulowa m'holo ndi nsapato zanga zazitali, ana amene ankanditcha anti anachita kukankhidwa ndi amayi awo: "Pita ukapereke moni kwa agogo." Mnyamata wa kwaya anandilanda chikwama. Pa mpando wanga ndinapeza khushoni. Abusa polengeza anati mpingo ukuthokoza Mulungu chifukwa cha Mayi Mataka, amene anatibisira ukulu wawo zaka zonsezi chifukwa cha kudzichepetsa. Kudzichepetsa, ine! Anthu anawomba m'manja, Sambani akutsogolera nthungululu.

Amuna anga anali ndi zaka 58. Anzawo anawazungulira panja akuti, "Achimwene, simunatiuze kuti munakwatira achemwali anu aakulu." Tinakwera basi yobwerera mpaka tinakatsika kwathu. Kenako anati, "Mayi a Grace, chaka chatha munali ndi 44. Mukapitiriza liwiro limeneli, pofika Khirisimasi ndikhala wamasiye."

Ndinadzilimbitsa mtima kuti zonsezi zithera pa ukwati wa mwana wa msungichuma wa mpingo, umene unali pafupi. Ndikangotsogolera gule, aliyense aona yekha kuti nkhalamba ndi ndani. Nsalu ndinakagula ku msika wa ku Romford, yagolide, telala anaisoka mothina bwino m'chiuno. Tsikulo ndinafika msanga, ndinaima pakhomo pa malo anga a masiku onse. Kunabwera amayi a komiti, atatu, akugwada.

"Amayi, takhala tikukulakwirani. Munthu wa msinkhu wanu kumamuvinitsa ngati mtsikana, ndi manyazi athu. Lero mupume."

Anandigwira m'zigongono uku ndi uku, ngati dzira, mpaka ku tebulo la akuluakulu, pakati pa agogo ena osamva ndi abambo ena amene ankangowodzera. Nyimbo inayamba. Chitseko chinatseguka. Kutsogolo kwa amayi, m'malo anga, ndani? Sambani, masaya ali phuliphuli, chiuno chikupita uku mpango ukupita uko, anthu akumuponyera ndalama. Ndinayesa kuimirira, wina anandikhazika, "Musadzivute agogo, chimbudzi tikuperekezani." Chakudya chitabwera, anzanga akuswa mafupa a nkhuku, ine anandipatsa nyama yogaya ndi mbatata yophwanya, akuti poganizira mano. Mano anga onse ali m'kamwa, abale, mpaka lero!

Ndinapirirabe, ndinkati bola mankhwala akugwira. Kafukufuku atatha dokotala anatiitana mmodzimmodzi kutiuza zimene tinkalandira. Anandikumbutsa kuti tsiku loyamba lija anafotokoza kuti ena azibayidwa mankhwala enieni, ena madzi amchere chabe, kuti pakhale poyerekezera, ndipo ngakhale iye sankadziwa kuti ndani ali mbali iti.

"Inu, Mayi Mataka, munali ku madzi amchere. N'chifukwa chake mukutidabwitsa. Magazi anu ali ngati a munthu wa zaka 50."

"Chifukwa ndili ndi 51!" ndinakuwa. "Mwandibowola mkono miyezi yonseyi ndi madzi ophikira ndiwo?"

Anavula magalasi, anawapukuta, anatenga cholembera n'kukhwacha dzina langa pang'onopang'ono. Anati ndawawonongera ntchito, ndipo zoona ndinawawonongera. Tsiku limenelo ngakhale bisiketi sanandipatse. Sisitala Tembo anaseka mpaka anakhala pansi, koma chodabwitsa, nkhani iyi yokha sanaifalitse. Ndinayesa kuifalitsa ndekha ku mpingo, anthu n'kumangoti, "Agogo ayamba kuiwala zaka zawo."

Sambani ndinamupeza pa siteshoni. Ulemu ndinausiya kunyumba, ndinamutchula dzina lake lenileni.

"Iwe Rozi, undiuze zoona. Iwe anakubaya enieniwo eti? Ndi amene akukusalalitsa?"

Anayang'ana uku ndi uku, anatsegula pakamwa, anakankha ndi lilime, mano onse a m'mwamba n'kutsika pamodzi ngati shelefu. Masaya aja analowa m'kati pomwepo, Sambani wakale uja n'kubwerera. Anawabwezeramo n'kumwetulira.

"Ndinaikitsa atsopano mwezi umene ndinayamba jekeseni. Mukanandifunsa za nkhope ndikanakuuzani, amayi. Inu munafunsa za chipatala."

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira kuti mnzanga akasalala ndizingoti wasalala, ndipo chipatala chimene sichinandiitane sindidzapondako, ngakhale atamagawa utsikana m'mabotolo. Akuti mapeputayidi aja akuwafufuzabe, awafufuze, ine ndinapereka kale mkono wanga.

Ndiye amene mumafunsa kuti ndinapindulanji, lembani: zaka 12 zimene Mulungu sanandipatse, madzi amchere okwana kapu, khushoni imodzi, dzina loti agogo ndisanaone mdzukulu, ndi ndodo yoyendera ya mutu wa mkuwa imene achinyamata a mpingo anandigulira pa Khirisimasi. Wokapereka mphatsoyo kutsogolo, atagwada, anali Sambani.