Kunenepera Nkhonya za Loweruka

Lolemba
Ndatopa nayo njala. Zaka zisanu ndi zinayi ndikumenya nkhonya pa makilogalamu 60, ndipo mpikisano ukayandikira ndiye kusala kudya, kuthamanga m'mvula ya Mzuzu nditadzikulunga mapulasitiki. Kochi wanga, a Nyirenda, akuti ndikwere gulu la 69. Sikelo Lachisanu, nkhonya Loweruka. Wosafika 65 salowa m'bwalo. Ine ndili 62.
Dongosolo: mazira, mapeyala, chiponde, chambiko, kugona!

Lachiwiri
Ndadya kasanu. Mkazi wanga akuphika koma sakuseka. "Bambo a Tadala, mbuzi ya Khrisimasi nayonso imadya chonchi." Sikelo ya ogula chimanga ku Ching'ambo ikuti 63. Zonse zapita kumimba.

Lachitatu
Kuyeserera ndi munthu wa gulu latsopanoli, wonyamula matumba kumsika. Ndamutumizira dzanja lamanja, lija lidagwetsa anthu asanu ndi awiri. Iye: "Mwayambako, adada?" Wandigunda kamodzi panthiti. Kupuma kukuwawa.

Lachinayi
Chambiko chandiukira. Kuchimbudzi kasanu ndi kawiri, kuntchito sindinapite. 61! Mazira onse aja athera kudzenje.

Lachisanu
Malita anayi a madzi, nthochi khumi, kukodza ayi. Ndakwera sikelo nditafinya ntchafu: 65 ndendende!
Kenako wakwera womenyana naye, Mkandawire wa ku Chibanja, wogulitsa nyama. Ine ndachita kukwera, iye wachita kutsika kuchokera 76. Atangochoka pasikelo wadya nkhuku yathunthu, n'kundipatsako phiko. "Yewo chomene povomera, ena onse adakana."
Zimenezo a Nyirenda sanandiuze.

Loweruka
Masana, holo yadzaza. Raundi yoyamba ndikuzungulira, ndikumulasa, anthu akukuwa dzina langa. Iye akungobwera ngati lole yotsika chitunda. Akanditsamira, ndikukathera kuzingwe. Raundi yachiwiri ndikukumbukapo denga lokha. Akuti ndinadzuka kawiri. Ndatsitsimukira m'galimoto ndikufunsa kuti nkhonya ziyamba nthawi yanji. Mkazi wanga wangondigwira mutu.

Lamulungu
Nsagwada yathyoka pawiri. Achipatala amanga mano ndi waya. Masabata asanu ndi limodzi ndizimwa phala lamadzi ndi kapaipi. Khutu lamanzere likungolira. Tadala wasuzumira pakhomo, wathawira kwa amayi ake.
A Nyirenda abwera pochokera kutchalitchi, Baibulo kukhwapa. Andiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Pochotsa mawayawo mudzakhala muli 57. Gulu limenelo malo alipo, adada."
Ndikufuna kukana, koma pakamwa sipakutseguka.
Alemba dzina langa.