Msoti wa chinkhoswe ndi timitsempha tanga taulesi

Lolemba

Chinkhoswe changa chili Lamulungu. Akwawo kwa a Domingu, amene akundikwatirawo, abwera ndi tambala, ife tipereka msoti, ankhoswe asinthana pamaso pa anthu. Msoti tili nawo umodzi wokha umene chitopa chinasiya, ndipo wasanduka nkhanga. M'khola sulowa. Umagona kunsonga kwa bulugamu.

Amayi bondo likuwavuta. Achimwene ali ku Kalomwe ndi njinga yawo. Ndatsala ine. Kupempha anyamata a m'mudzi sindingathe, angayambe kuimba dzina la a Domingu ine ndili pomwepo.

Lachiwiri

Ndauthamangitsa mmawa. Wandisiya ngati ndangoima.

Felisita, msuweni wanga amene akuphunzira unamwino ku Tete, ali kuno pa feriya, tchuthi cha kusukulu. Waseka mpaka kukhala pansi. Kenako wandigogoda pamsana: "Vuto lili umu, msuweni."

Akuti mumsana muli timitsempha tolamula minofu, ta mitundu iwiri. Ting'onoting'ono timadzuka msanga, timalamula mofatsa tsiku lonse, ndipo minofu yake sitopa. Ndiyo yoyendera ndi yosenzera. Tikulutikulu timadzuka pokhapokha zinthu zitavuta, timakuwa mwamphamvu, minofu yake imalumpha, kenako basi yatopa. Akuti ngakhale nkhuku ili choncho: nyama yoyera ya pachifuwa ndi youlukira, yachangu koma yosachedwa kutopa.

"Tako tikulutikuluto tinagona uli kinta kilasi, kalasi yachisanu," akutero.

Ndiye nditidzutsa. Zochita:
kulumpha mizere
kuthamanga pochokera kuchitsime
kudzidzidzimutsa ndekha

Lachitatu

Ndalumpha mizere. Mapazi akungotera pamwamba pa mbewu. Amayi: "Kachewere wakulakwira chiyani, mwanawe?"

Kudzidzidzimutsa ndekha kwakanika. Ndimadziwiratu.

Msoti uli padenga, ukundiyang'ana ndi diso limodzi.

Lachinayi

Ndathamanga ndi ndowa pamutu. Pokhota njira ndakumana ndi amayi awo a Domingu. Ataona ndikubwera chothamanga, madzi akutayikira kumsana, aganiza kuti kumbuyo kwanga kuli njuchi. Ataya nkhuni, liwiro. Andipitirira ine, munthu wamkulu uja, mpaka pamtengo wa mapichesi.

Ndagwada, ndawapatsa moni. Afunsa njuchi zili kuti. Ndawatolera nkhuni zawo.

Apongozi tikulutikulu tawo tili maso.

Lachisanu

Miyendo ikuwawa. Kukhala pamphasa ndikuchita kugwira khoma.

Ndikusenda nyemba, Felisita wandiponyera chingwe pamapazi n'kukuwa kuti njoka. Ndalumpha lichero ndi mtondo pamodzi! Ndiye kuti timitsemphato tilipo ndithu, sitinafe. Kungoti msoti unali kudimba nthawi imeneyo.

Felisita: "Sabata imodzi siyikwana, msuweni. Ena amachita zaka." Bwenzi atanena Lachiwiri.

Madzulo abwera amalume, nkhoswe yanga. "Nkhuku ili kuti?" Ndaloza kumwamba. Ayang'ana nthawi yaitali. "Tinyamule bulugamu yemweyo?"

Loweruka

Ndatchera dengu, ndamwaza chimanga pansi pake. Msoti wadya cha kunja chokha, cha mkati wasiyira nkhunda. Ndaulumphira ndi mphamvu zanga zonse. Ntchafu yakokana, ndagwa chafufumimba.

Zimene ndili nazo tsopano:
nthenga imodzi ya kumchira
bondo lokalika

Azakhali akuti tikawalandira manja lende, akuchimuna aganiza kuti mwana wawo sitikumufuna. Ine ndikuwafuna. Pakamwa sindinanenepo, ndalemba pano.

Lamulungu

Ndasiya. Ndine munthu wa ting'onoting'ono, ndavomera. Thumba la kachewere ndimafika nalo kumsika wa Lifidzi osatula, koma liwiro linapita kwa ena.

Ndavala kapulana watsopano, chitenje cha pachinkhoswe, ndatuluka chotsimphina kuti ndingoutsatira, anthu asati sindinayese. Wauluka kudumpha mpanda, ine ndazungulira. Wakwera pankhokwe, ine ndafika. Waulukanso, koma pafupi. Kenako pafupi kwambiri. Kunyumba kwayamba kumveka nyimbo, alendo afika. Ine phazi ndi phazi.

Ndaupeza m'munda wa nyemba, kukamwa yasa, mapiko ali pansi. Nyama yoyera ija yatopa. Ndautola ngati dzungu.

Ndafika mochedwa, kapulana ali chisoso chokhachokha. A Domingu ayang'ana msoti wopanda nthenga yakumchira, ayang'ana ine, aweramitsa mutu mapewa akugwedezeka. Pambuyo pake andinong'oneza: "Amayi akuti njuchi zija munazipeza?"

Ankhoswe asinthana, anthu aimba nthungululu. Amalume pofuna kuomba m'manja aiwala kuti anyamula tambala. Wapulumuka, wadumpha mpanda.

Apongozi adzambatuka kale. Ine ndamanga kapulana bwinobwino, ndikubwera pambuyo. Tikumana kunyemba.