Zitoliro za ku Ayalandi pa Ukwati wa Esinati

Mpaka lero mlongo wanga Esinati akamasimba za ukwati wake, amayamba ndi diresi n'kudumphira kuphwando. Za m'tchalitchi amazilambalala. Wochititsa zimenezi ndine, ndipo lero ndaganiza zongoulula.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi pasukulu ya mishoni kufupi ndi Chitakale, komanso mlembi wa kwaya. Kutatsala sabata imodzi kuti ukwati uchitike, tinapeza kuti makoswe aboola mvukuto wa limba la m'tchalitchi. Ukaliponda linkangofwenthera ngati munthu wa chimfine. Esinati atamva analira.

"Achimwene, ndiye ndikalowe m'tchalitchi muli zii, ngati ndikukaba?"

"Usadandaule," ndinatero. "Iwe ulowa ndi nyimbo yoti Mulanje yense sanaimvepo." (Apa pokha sindinaname.)

Wansembe wathu, Bambo Mfumu, anali mzungu wa ku Ayalandi, wamtali, wosalankhulalankhula. Masana tikamadutsa panyumba pawo tinkamva nyimbo za kwawo, za zitoliro zomwe ankati woimba sauzira ndi pakamwa, amangopopa thumba ndi chigongono. Nditapita kukawapempha, ndinawapeza ali kale panjinga yamoto, akupita ku Limbuli kukayendera odwala.

"Tengani wailesi ya kaseti," anatero. "Kaseti ya zitoliro ili pashelefu. Nyimbo musankhe nokha."

Pashelefupo ndinapeza makaseti awiri. Yoyamba inali ndi chithunzi chokongola, koma nyimbo zake zinali zothamanga, zoyenera pamowa. Ndinaganizira nsapato za gogoda zomwe Esinati anabwereka, n'kuona kuti angagwe asanafike kuguwa. Yachiwiri inalibe chithunzi, inangolembedwa pamanja m'chinenero cha kwawo. Nditaiika, munatuluka nyimbo yodekha, yokoka, yolowa mpaka m'mafupa. Ndinati ulemu wake ndi umenewu. Ndinamvetsera mphindi imodzi yokha n'kuzimitsa, ati kusunga mabatire.

Bambo Mfumu atabwerako anandifunsa ngati ndapeza nyimbo. Ndinati, "Yabwino zedi, Bambo." Sanafunsenso, inenso sindinawaonetse.

Loweruka tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Pabenchi yakutsogolo panakhala atsibweni a mkwati, a Mukhova, omwe analinso tcheyamani wa chipani m'dera lathu, baji ili pachifuwa. (Amene munalipo zaka zimenezo mukudziwa kuti munthu wotere akangokhosomola, mudzi wonse unkafunsana kuti talakwa chiyani.) Ine ndinaika wailesi pampando pafupi ndi guwa, ndinakweza mawu mpaka pomaliza, n'kudina.

Zitoliro zinayamba. Esinati analowa, akuponda mwaulemu. Amayi anaimba nthungululu, koma nthungululuzo zinazima msanga, chifukwa nyimboyo sinkagwirizana nazo. Nditayang'ana Bambo Mfumu ndinaona nkhope yafiira, misozi ikutsikira m'ndevu. Ine mumtima ndinati ndawakumbutsa kwawo. Ndinawagwedezera mutu monyadira. (Inde, ndinagwedeza. Kawiri.)

Esinati atafika pakati pa tchalitchi, nyimbo inatha. M'kasetimo munamveka mphepo. Kenako kusisima kwa azimayi. Kenako mawu a bambo wina akupemphera. Pambuyo pake munamveka phokoso lomwe munthu wa dziko lililonse amalidziwa: fosholo, ndi dothi likugwera pabokosi. Di. Di.

"Mayo ine! Malodza!" anakuwa mayi athu aang'ono, manja ali kumutu.

Esinati anaima chilili. Mkwati anayamba kuyang'ana kukhomo. Ndinathamangira wailesi ndi kudina batani lozimitsira, koma linali litakakamira. Ndinadina lina, osatheka. Apa n'kuti mzungu wina m'kasetimo akulankhula mawu ataliatali m'chinenero choti ngakhale ine mphunzitsi sindinatolepo kanthu.

A Mukhova anaimirira pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi."

"Wawa, a Tcheyamani."

"Mzungu ameneyu akuti chiyani?"

"Sindikumva, a Tcheyamani."

"Simukumva, koma mwasonkhanitsa anthu onsewa kuti amvere. Uthenga umenewu wachokera kunja?"

Masiku amenewo kaseti yochokera kunja, ya mawu osadziwika, inkatha kumutengera munthu kumalo koti abale ake amaopa ngakhale kufunsa. Ndinaitembenuza wailesi ija n'kutsegula kumbuyo ndi chikhadabo. Mabatire anakhuthukira pasimenti n'kugubuduka kulowa pansi pa mabenchi. Palibe anawerama kuti atole.

Bambo Mfumu anapukuta maso ndi mkono wa mkanjo.

"A Tcheyamani, apa palibe za ndale," anatero. "Amenewa ndi maliro a mayi anga. Anatisiya chaka chatha. Sindinathe kupita, ndiye mng'ono wanga anajambula mwambo wonse n'kunditumizira. Nyimbo ija anaiimba kumanda."

Ndinalakalaka simenti ija itang'ambika kuti ndilowemo ndi wailesi yomwe.

Aliyense ankayang'ana pakamwa pa a Mukhova. Kenako anati, "Chaka chatha? Ndiye munalira nokha, Bambo, ife tili pompano?"

"Sindinafune kukuvutitsani."

"Mwatilakwira. Maliro sabisa." Anatembenukira kwa ine. "Inu khalani pansi. Musagwirenso kanthu."

Ndinakhala. Mayi aang'ono anakaniratu zoti mkwatibwi apitirize ulendo womwe wayamba ndi dothi la kumanda. Anamugwira dzanja, kutuluka naye panja, n'kumulowetsanso kachiwiri. Ulendo uno kwaya inaimba pakamwa, ndi m'manja, ndi ng'oma imodzi, ndipo kunena zoona zinakoma kuposa limba. Podutsa pomwe ndinakhala, Esinati anamwetulira anthu, koma kudzera m'mano anati, "Achimwene, tionana."

Tinaonanadi. Zomwe anandiuza sindingazilembe pano.

Lamulungu lotsatira, Misa itatha, amayi a mpingo anapita kunyumba kwa Bambo Mfumu ndi ufa, nkhuku ndi nkhuni, kukapepesa maliro. Anakhala pakhonde masana onse akuimba, a Mukhova ali pampando pambali pawo. Pobalalika, Bambo Mfumu anandiitanira pambali.

"Aphunzitsi, sindikudziwa ngati ndikukalipireni kapena ndikuthokozeni."

"Chachiwiricho chingandithandize, Bambo."

"Mubwere Loweruka kudzalapa. Tikaonera komweko."

Chiyambire pamenepo, kaseti iliyonse ndimaimvetsera mpaka kumapeto, mbali zonse ziwiri, mabatire athe asathe. Koma luso limeneli silinapeze ntchito. Pamene msuweni wathu ankakwatira chaka chotsatira, ndinadzipereka pamsonkhano wa banja kuti ndiyang'anire zoimbaimba. Anthu anangoyang'anana. Pomaliza anandipatsa udindo wolondera njinga za alendo panja pa tchalitchi, ndipo Esinati anabwera yekha kudzandichenjeza kuti ndisakhudze belu ngakhale limodzi.