Tsiku Limene Amayi Anabwereka Ana

Mpaka lero ndikamadutsa pamjigo wa kwathu ku Ngauma, azimayi amandipatsa moni kuti, "Wadzuka bwanji, Mafuta?" Si dzina la ubatizo limeneli ayi. Ndinalikhetsera thukuta, ndipo khutu langa lakumanzere likadali lalitali pang'ono kuposa linzake.

Zinachitika ndili patchuthi kuchokera kusekondale ku Mandimba. Nthawi imeneyo tinali titangokhazikika kumene kuchokera kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi. Sukulu ya pulaimale ya m'mudzi mwathu inali ndi malata atsopano koma yopanda zitseko, ndipo buku linalipo limodzi, la aphunzitsi. Ndiye tsiku lina pulofesolo Amadeu, mphunzitsi wamkulu, anandiitana.

"Iwe ndiwe wophunzira," anatero. "Loweruka kukubwera anthu a ku Cuamba ndi festa, chikondwerero cha mabuku a ana. Sukulu imene isonkhanitse ana ambiri aisiyira mabuku onse. Tikachepa, mabuku apitirira kwina. Uzungulire midzi yonse, khomo ndi khomo, uwauze makolo."

Midzi yonse! Wapansi! (Njinga ya bambo inali yothyoka foloko chifukwa cha ine ndemwe, koma tisalowe m'zimenezo.) Komanso inali nyengo yosoka fodya. Ndi kholo liti lingatulutse mwana m'chigafa kuti akaone zithunzi?

Choncho ndinagwiritsa ntchito mutu m'malo mwa miyendo. Ndinapita pamjigo n'kupeza mayi Anastaziya, amene nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, masana imakhala itakwera kale shapa, minibasi ya ku Mandimba.

"Mayi, musauze munthu," ndinanong'ona. "Loweruka kusukulu agawa mafuta ophikira. Koma akuwerenga ana. Mwana mmodzi, botolo limodzi."

"Ngati kukampu kuja?"

"Ndendende ngati kukampu."

"Iii, mwananga, pakamwa panga mpotseka."

Ndinabwerera kunyumba n'kukagona pansi pa mtengo wa mango, ntchito yonse nditamaliza.

Pofika Lachisanu nkhani ija inandipeza itanenepa. Mafuta anali atabereka mabulangete, makasu ndi mapoto, ndipo amene ali ndi mapasa ankati alandira njinga. Anthu ankaifotokoza bwino kwambiri moti inenso ndinayamba kuganiza kuti mwina ndi zoona.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti amayi anga nawonso amatunga pamjigo womwewo. Ndinawapeza akukung'untha thumba lalikulu.

"Amayi, bwanji ngati ndi mabuku chabe?"

"Mabuku? Sukulu yakupusitsa iwe. Galimoto ingavutike ndi matope onsewa kudzapereka mapepala?"

Kwathu ana tilipo awiri, ine ndi mlongo wanga Rozinya, ndipo amayi anaona kuti mabotolo awiri ndi chipongwe. Anachita zimene aliyense wodziwa za kukampu amachita: anakabwereka. Kwa azakhali kutsidya kwa mtsinje anatengako ana, kwa mnzawo wa kwaya kuphiri anatengakonso, mpaka kakhanda ka mlamu wawo. Usiku umenewo panyumba pathu panali ngati pasikelo.

"Iwenso uvale kabudula," anandiuza, "ndipo uziwerama pang'ono. Ndevu zakozo umete."

(Tindevu titatu. Ndinali nditatisunga chaka chathunthu.)

Loweruka m'mawa bwalo la sukulu linali ndi mzere wa miyala, zitini ndi nkhwaira zosungira malo, kuyambira pakhomo la kalasi mpaka kumunda wa chinangwa. Anthu ankakangana kuti mwala wa uje walumpha wa uje. Ana anali ponseponse, osamba, odzola, ena osadziwa n'komwe dzina la mayi amene wawagwira dzanja. Pulofesolo Amadeu anandigwira paphewa, maso ali ndi misozi.

"Mwana iwe, wayenda! Miyendo sikupweteka?"

"Pang'ono chabe, pulofesolo. Ndi ntchito ya chitukuko."

Galimoto inafika itadzola matope mpaka m'magalasi. Munatsika dona Selestina, mkulu wa festayo, ndi anyamata ake. Anayamba kutsitsa makatoni. Apa ndiye Mulungu anaonetsa kuti nayenso amadziwa kuseka: mabukuwo anawalongedza m'makatoni akale a mafuta, chithunzi cha botolo chili mbee pambali! Nthungululu zinamveka mpaka kumalire. Dona Selestina anagwira pamtima, nati sanaonepo anthu okonda kuwerenga chonchi.

Katoni yoyamba inatsegulidwa. Mabuku. Yachiwiri, mabuku. Yachitatu, mabuku ndi choko. Bambo Zakaliya, akatekisi athu, anatenga buku limodzi, kulikutumula, kuyang'ananso pansi pa katoni.

"Kodi za mafutazi anayambitsa ndani?"

Aliyense analoza amene anamuuza. Chala chinayenda mzere wonse ngati moto wa lupsa, kufika pa mayi Anastaziya, ndipo iwo (a pakamwa potseka aja) sanachedwe n'komwe.

"Ndi uyo wavala kabudulayo!"

Amayi anatembenuka pang'onopang'ono, thumba lili m'manja, kakhanda ka eni kali kumsana. Munthu wabwino akanagwada pomwepo. Ine ndinakwera pa katoni.

"Makolo, mtima pansi! Zogawa zimabwera pomaliza. Ayamba aona ngati ana akumvetsera!"

Anthu anakhala pansi, koma maso onse ali pa ine. Dona Selestina, amene Chinyanja ankangochimva patalipatali, anaganiza kuti ndikutsegulira mwambo, ndipo anandipatsa buku kuti ndiwerengere ana.

Linali la Chipwitikizi. Ine sukulu ndinayambira ku Malawi, ndipo Chipwitikizi changa chinali chongokwanira kupempha kupita kuchimbudzi. Mwamwayi munali zithunzi: mbuzi, mtsikana, ndi chipewa. Masamba ake ochepa zedi. Ndinadziwa kuti buku likatha, inenso ndatha.

Abale, mbuzi imeneyo ndinaiyendetsa. Inadya chipewa cha akatekisi. Inakwera shapa osalipira. Inakagulitsa fodya wonyowa ku Mandimba, inamangidwa pamalire, inathawa, inakwatira. Ana ankagubuduka ndi kuseka. Rozinya ankakuwa kuti, "Kenako? Kenako?" osadziwa kuti akupulumutsa moyo wa mlongo wake. Ngakhale bambo Zakaliya anafunsa ngati chipewa chija chinapezeka. Nditaona kuti mawu akundithera ndinaipha mbuziyo, koma nditayang'ana nkhope ya amayi ndinaidzutsanso.

Mawu atatheratu, anyamata a dona Selestina anagawira ana mabuku kuti aone okha. Bwalo linadzaza timagulu, mitu itagundana, ana akukanganirana kuti chithunzi ichi chikunena chiyani. Dona Selestina ananena kudzera mwa pulofesolo kuti buku la mbuzilo analiwerenga kambirimbiri koma apongozi a mbuzi anali asanawaonemo. Kenako analengeza kuti sukulu ina iliyonse singafikepo pa chigulu chimenechi. Mabuku onse atsala kwathu.

Pulofesolo anavina. Makolo anafunsa za mafuta. Galimoto inanyamuka.

Za khutu ndanena kale. Koma chilango chenicheni amayi anachisunga.

"Ana awa ndinawabwereka ndi lonjezo la botolo," anatero. "Uwabweze wekha, mmodzimmodzi, ndipo pakhomo lililonse ukafotokoze kumene kwapita mafuta."

Ndinazungulira midzi yonse. Khomo ndi khomo. Wapansi, nditavala kabudula, kakhanda kakundikodzera kumsana. Ulendo womwe uja ndinauthawa, kungoti tsopano pakhomo lililonse ankandidikira ndi mawu okonzeratu.

Mabuku aja alipobe, ngakhale la mbuzi linathothoka chikuto chifukwa ana amalifunafuna tsamba la ukwati. Pulofesolo amati ndinachita zoipa zimene zinathandiza. Amayi amati ndinachita zoipa basi. Ine ndaphunzirapo ndithu: bodza la pamjigo lisamatchule ana. Likadakhala la botolo limodzi pa agogo aliyense, obwerekedwawo akadabwerera kwawo ndi miyendo yawo.