Lodi ya Nyumba ya Apongozi

Lolemba

Loweruka ndikukalemba mayeso a layisensi ya zamagetsi ku Limbe. Kunena zoona, mayesowo ndi amene ayenera kuopa ine. Pa Njuli pano babu lililonse limandidziwa dzina! Vuto ndi limodzi: ndikawayala nyumba, wosayina ndi a Namaona, amisiri akale, poti pepala la layisensi ali nalo ndi iwo. Thukuta langa, siginecha yawo.

Tsopano mapolo afika kumudzi kwa akazi anga, kumene ndikukhala chikamwini, ndipo apongozi akufuna magetsi. Nyumba imeneyo ndisayina ndekha, aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi chitsa.

Chondizunguza mutu pang'ono ndi masamu a lodi, kuwerengera mphamvu imene nyumba idzakoke kuti udziwe waya woyenera ndi buleka, kachida kodula magetsi lodi ikachuluka. Pang'ono chabe! Ndiphunzirira pa nyumba ya apongozi yomweyi. Mkamwini salowa m'zipinda za apongozi, ndiye ndanjuta pansi pa mpapaya, Esnart, mkazi wanga, akulowa ndi kutuluka kundiuza zimene zidzayake:

mababu 6, mawatsi 60
TV 100
wailesi 20
ayironi 1,200

Zonse 1,380. Kugawa ndi mavoti 230, maampu 6 ndendende. Masamu omwe anathamangitsa anthu kusukulu ndi amenewa? Bweretsani ena!

Lachiwiri

Nkhani yamveka kuti mkamwini akulemba zinthu. Mudzi wonse uli pa mpapaya ngati ndikugawa makuponi.

Mlamu wamkazi: hotipuleti, ndi dilaya ya tsitsi.
Azakhali a Esnart, amene nyumba yawo ili kutsidya kwa dambo: fuliji ya mafilizesi, ndi ayironi yawoyawo.
Wina amene ubale wake sindinaumvetse: ketulo.

Ndikuti nyumba ndi ya apongozi. Yankho lawo likubwera kudzera kwa Esnart: "Muwauze kuti chitseko changa chilibe mlonda."

6 wanga uja wafufuma ngati mandasi, wadutsa 30. Kenaka mlamu Dyson akufika, manja m'thumba: "Alamu, lembaninso makina owotcherera zitsulo." Alibe! Akuti adzagula magetsiwo akayaka. Kodi chinthu chimene chili m'maloto chimakoka maampu angati?

Lachitatu

Ndapita kwa a Namaona. Akuseka mpaka kutsokomola. Akuti pali dayivesite. Buku limati anthu sayatsa zonse nthawi imodzi: wina akamasita wina ali kumunda, ketulo ikawira imazima. Ndiye suphatikiza zonse zathunthu. Mababu umatengako gawo. Chophikira, maampu 10 oyamba onse, otsalawo kagawo chabe.

Ayi, wolemba bukuyu ndi mfiti! Ndachotsera, ndachotsera, nambala yaphwa ngati tayala la kabaza. Dyson ndi makina ake a m'maloto ndawafufuta. Ndauza Esnart ayambe kuzolowera kutchedwa mayi injiniya. Akuti ndiyambe ndakonza soketi ya tochi yake.

Lachinayi

Pa Njuli magetsi kulibe kuyambira m'mawa. Ndakhala pakhonde la nyumba za lendi za mnzanga, zimene ndinawayala ndekha, ndikuloweza dayivesite. Azimayi angokhala pamthunzi, zovala za sukulu pamiyendo, nyemba zonyika m'poto, mafoni akufa atandandalika pawindo.

Chakumadzulo ana akukuwa: "Ayakaaa!"

Mayo! Ngati njuchi. Wina ayironi, wina ketulo, wina hotipuleti, wometa wagwira mutu wa munthu amene anamusiya theka. Palibe amene akudikira mnzake, poti ndani akudziwa kuti akhala nthawi yaitali bwanji? Buleka, thi! Mdima wathu tokha, kwa aneba kukuwala.

Ndaikweza. Thi! Ndakwezanso. Mayi wina akuti, "Amisiri, igwireni ndi dzanja mpaka nyemba zipse."

Ndabwerera kumudzi wapansi, ndikuganiza. Wolemba buku uja amakhala kumene magetsi sathawa. Munthu wake amasita pamene wafunira. Wathu amasita pamene magetsi afunira, ndipo amafunira tonse nthawi imodzi.

Lachisanu

Ndawafotokozera a Namaona. Sakutsutsa. Akuti, "Ukunena zoona, koma zoona zakozo udzanene uli ndi pepala. Mawa upatse buku zimene likufuna."

Chabwino. Ndapemphanso Esnart afunse apongozi ngati angamadzauze anthu kuti azisita mosinthana. Wabwera ndi yankho: "Munthu wadutsa dambo ndi ayironi pamutu, ndimuuze adikire? Ndiye magetsi akathawa, mwana wake apite kusukulu ngati wotuluka mu mtsuko?"

Ndabwerera ku buku. Ndikuloweza. Maampu 10 oyamba onse, otsalawo kagawo. Mawa ndine kapolo wa buku. Ndalumbira!

Loweruka

Holo yaikulu, zii. Funso la mawaya ndalimeza osatafuna. La chitetezo, ngati kumwa thobwa.

Kenaka ilo: nyumba ya zipinda zitatu, chophikira, giza, masoketi, mababu. Pezani lodi mutachotsera dayivesite.

Ndayamba bwinobwino. Maampu 10 oyamba. Ndiye m'mutu mwanga nyumba ija yayamba kudzaza. Ndikuona azakhali pakhomo ndi ayironi. Ndikumva ana akukuwa. Ndikuona waya woonda akutentha kudenga, pansi pake nkhalamba itakhala pamkeka. Dzanja lakana! Ndafufuta. Ndaphatikiza zonse zathunthu, ndawonjezanso za alendo. Pansi ndalemba tsamba lonse kulangiza wochonga za mmene anthu amakhalira. Ndikukweza mutu, akuti zolembera pansi. Mafunso awiri sindinawagwire n'komwe.

Panja anzanga akufunsana. Ambiri apeza maampu 45, wina 46. Ine 92.

"Akulu, mumawayala chigayo?"

Ndaseka nawo. Waya amene ndasankha ndi wonenepa ngati mzimbe.

Lamulungu

Zotsatira sizinatuluke, koma mayeso ukagwa umadziwa wekha. Nyumba ya apongozi asayina a Namaona. Ine ndikwera kudenga, iwo adzalandira nkhuku.

Ndawapempha chimodzi chokha, kuti waya tiike wokulirapo kuposa wa buku. Avomera msanga, mwina kuti ndisayambe kulalikira.

Esnart wauza amayi ake kuti ndinayankha bwino, koma funso ndi limene linali la kwina. Apongozi atumiza mbatata yootcha. Sindikudziwa ngati ndi chipepeso kapena malipiro.

Ndidzalembanso. Ulendo umenewo ndidzachotsera zonse mmene buku likufunira, osawonjeza ngakhale tchaja ya foni. Ndidzangodziuza kuti mwini nyumba ya m'funsoyo alibe mlamu, alibe azakhali, palibe amene amadutsa dambo kubwera kwa iye.

Ndidzakhoza. Koma munthuyo ndikumumvera chisoni.